Nsomba zowiritsa za kambuzi pa Kasungu boma: mafunso ndi mayankho

Loweruka lotsatira malipiro a mwezi, ife anthu asanu ndi awiri timakumana pa kalesitilanti kena kufupi ndi msika wa pa Kasungu boma. Ndi kanyumba ka malata, mabenchi atatu, ndi mbaula ziwiri pakhonde. Mayi amene amaphika pamenepo amatiikira beseni limodzi lalikulu pakati pa tebulo, muli nsomba, mbatata ya kachewere ndi chimanga chodulidwa mapisi, zonse zitamira mumsuzi wofiira wa tsabola wa kambuzi. Chiyambire kuika zithunzi zake pa WhatsApp, anthu akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo, ena kuntchito, ena potuluka m'tchalitchi. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga.

Kodi kadyedwe kameneka kanachokera kuti?

Ambiri akukaonera pa TikTok ndi pa Facebook, pomwe anthu ovala mapepala apulasitiki m'manja amang'amba thumba lodzaza nkhanu zofiira. Kwawo kwa kadyedweka ndi ku America, makamaka dera la Louisiana, kumene mtsinje wa Mississippi umathirira m'nyanja yamchere. Kumeneko kuli tinkhanu ta m'madambo totchedwa crawfish. Amatiwiritsa mumphika waukulu pamodzi ndi chimanga, kachewere, masoseji, adyo, mandimu ndi tsabola wambiri, kenaka n'kukhuthulira zonse patebulo poyala nyuzipepala. Tinkhanuto timachuluka miyezi yoyambirira ya chaka, nthawi ya Lenti, pamene Akatolika ambiri a kumeneko sadya nyama Lachisanu. Za m'thumba zija, zonona ndi batala ndi adyo, zinabwera pambuyo pake. Zinatchuka ndi anthu ochokera ku Vietnam amene anasamukira ku America nkhondo ya kwawo itatha mu 1975, n'kukhazikika m'mizinda ngati New Orleans ndi Houston.

Ife nyanja yamchere tilibe. Koma kuwiritsa nsomba ndi tomato, anyezi ndi tsabola sitinaphunzire pa foni ayi. Agogo athu ankaphika kampango mumphika wadothi kalekale. Nako kudyera mbale imodzi n'kwathu komwe. Amene munakulira kumudzi mukuikumbukira memo: dzuwa likamalowa, nyumba iliyonse inkabweretsa nsima ndi ndiwo zake pabwalo, abambo kwaokha, amayi ndi ana kwaokha, ndipo wa nkhwani ankalawa nkhuku ya mnzake popanda kupempha. Chimene ife tinabwereka kwa a ku Louisiana n'chimodzi chokha, ndicho kuphikira chimanga ndi mbatata mumsuzi wa nsomba momwemo. Chimenecho ndimawathokoza nacho, chifukwa dowe akamwa msuzi wa kampango umafuna kuyamwa ndi chitsononkho chomwe.

Ku Kasungu kulibe nyanja. Nsomba zaziwisi mumazitenga kuti?

Zambiri zimachokera ku Nkhotakota. Msewu wa M18 umachoka pa boma pano kulowera kum'mawa, kudutsa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota mpaka kukafika kunyanja. Ogulitsa amanyamuka kugombe m'bandakucha, nsomba zili m'mabokosi a ayezi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo zimakhala zafika pamsika. Mukaona galimoto ikuchokera kumeneko chambo chitamangiriridwa pagalasi la m'mbali kuti chizipitidwa mphepo, dziwani kuti kunyanja zinagwidwa bwino tsiku limenelo. Zina zimachokera ku Salima kudzera ku Lilongwe pa M1, koma zimenezo zimafika zitatopa ndi ulendo.

Palinso zakonkuno. Mtsinje wa Bua, umene umayambira ku Mchinji n'kudutsa m'mphepete mwa boma lathu popita kunyanja, uli ndi milamba, ndipo ndi mtsinje umene mpasa umakweramo nthawi ya mvula kukaswana. Alimi ena amaweta makumba ndi chilunguni m'maiwe. Nsomba ya padziwe yogwidwa m'mawa womwewo imaposa chambo chimene chagona masiku atatu pa ayezi, ngakhale dzina lake silimveka lapamwamba.

Ndi nsomba iti imene imakoma powiritsa?

Kampango. Pamenepa sindizengereza. Mnofu wake ndi wokhuthala, minga yake ndi yochepa komanso yooneka, ndipo ali ndi mafuta akeake amene amanonetsa msuzi popanda kuthira ambiri a m'botolo. Ukamudula mapisi akuluakulu, amapirira moto osaphwanyika. Mlamba ndi m'bale wake, ndipo ndi wotsikirapo mtengo, koma umafuna dzanja lodziwa. Uyenera kukhulidwa ndi mchere kapena phulusa, n'kuthiridwa madzi otentha kuti kuterera kwa pakhungu kuchoke, apo ayi msuzi wonse umanunkha matope.

Chambo n'chokoma, palibe angatsutse, koma n'chofewa. Chikakhalitsa pamoto chimasweka, minga yake n'kumwazika mumsuzi wonse. Mcheni ndi wowotcha pamakala, mumphika umangosungunuka mafuta. Mpasa ndi ntchila zili ndi timinga tambiri tobisala mumnofu, moti kudya pagulu mukucheza n'kudziputira ngozi. Usipa wauwisi umangosanduka phala. Usiyireni poto wakewake.

Ndakhalapo pakhonde paja kuonerera mayi wathu akuphika, ndipo ndondomeko yawo sisintha. Amayamba n'kukazinga anyezi, adyo ndi jinja mpaka fungo lituluke, n'kuthira tomato wambiri, mchere ndi kambuzi wosinja, kenaka madzi. Msuzi ukabwata amaponyamo kachewere wosasenda, chifukwa ndiye wochedwa kupsa. Chimanga chimatsatira. Kampango amalowa mbatata ikayamba kulola mpeni, ndipo chambo chimagonekedwa pamwamba kumapeto kwenikweni. Nsomba zikalowa, mthiko sulowanso mumphika. Amagwira mphika m'makutu ndi nsanza n'kuugwedeza pang'onopang'ono. Akauphula sapakula nthawi yomweyo, amausiya wovindikira kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti mchere ndi tsabola zilowerere. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake amatidikiritsa chonsecho njala itatipweteka. Anati, "Achimwene, nsomba imamwa msuzi ikachoka pamoto. Mukafulumira mudya msuzi pawokha, nsomba payokha." Ndimu amafinyira pomaliza, beseni lili kale patebulo.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: musalole kuphikiridwa kasawala, tiana ta chambo tija. Chambo chachepa kwambiri m'nyanja poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2018 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo pagulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Wogula akamakana tating'onoto, wogulitsa naye amasiya kutitenga kugombe.

Nanga nkhanu ndi ma prawns tikuona pa mavidiyo zija?

Ma prawns amachokera m'nyanja yamchere, ndipo apafupi ndi a ku Mozambique, kugombe la Beira ndi Quelimane. Amafika ku Malawi ali oumitsidwa ndi chisanu, ndipo amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. Kuchoka kumeneko kufika pa Kasungu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, choncho popanda bokosi la ayezi musayerekeze. Akasungunuka aphikidwe tsiku lomwelo. Sachedwa kupsa: mphindi zitatu kapena zinayi, akangofiira n'kupindika, aphuleni. Mukawasiya ngati nyemba amalimba ngati mphira.

Ife tinayesapo kamodzi. Ndalama imene ikanagula kampango wokhutitsa tonse asanu ndi awiri inagula kaphukusi kamene aliyense anapatako awiriawiri. Amakoma ndithu, ndipo wofuna kulawa alawe kamodzi kuti mtima ukhale pansi. Koma sindiona chifukwa choti munthu wokhala maola ochepa kuchokera ku nyanja ya Malawi azidziona wosauka poti m'beseni mwake mulibe za ku Beira.

Nkhanu zilipo m'nyanja yathu ndi m'mitsinje, ngakhale mnofu wake ndi wochepa ndipo ambiri kuno sitinazolowere kuzidya. Wofuna kuziphika aonetsetse kuti zinali zamoyo mpaka nthawi yolowa mumphika, ndipo zipse mokwanira, chifukwa nkhanu za m'madzi opanda mchere zimatha kusunga tizilombo toyambitsa matenda.

Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi nkhanu ndi ma prawns. Mnzanu akadya n'kuyamba kuyabwa thupi, kutupa milomo kapena kubanika, musamudikire kuti ziona zokha, musamupatse madzi n'kumugoneka pabenchi. Thamangirani naye kuchipatala cha boma nthawi yomweyo.

Ndingadziwe bwanji kuti nsomba ndi yabwino, poti ikabwera patebulo imakhala itaphikidwa kale?

Pemphani kuti muione isanalowe mumphika. Wophika wokhulupirika sakwiya nazo. Maso ake akhale owala ndi otukuka, osati olowa m'kati ndi otuwa. Tukulani chivindikiro cha m'mbali mwa mutu, pamene nsomba imapumira: mukhale mofiira, osati motuwa kapena moterera. Dinani mnofu ndi chala. Ukabwerera m'malo mwake ndi yabwino, chala chikasiya dzenje isiyeni. Mimba isakhale yophulika. Ndipo mphuno yanu sinama.

Ndikunena izi chifukwa zinatigwera. Mwezi wina mayi wathu anapita kumaliro, ife n'kupita pamalo ena amene sindiwatchula. Magetsi anali atathima masiku awiri, ndipo nsomba za mufiriji yawo zinasungunuka n'kuumanso. Wophika anathira tsabola wochuluka zedi, ife n'kumayamikira kuti ameneyu ndiye wodziwa. Usiku womwewo atatu mwa ife tinatsekula m'mimba, ndipo mmodzi, amene ali ndi matenda a shuga, anagona m'chipatala akulandira madzi a m'mitsempha. Ndinamva chisoni kwambiri chifukwa amene ndinasankha malowo ndinali ine. Tsabola amabisa fungo koma sakonza nsomba yoonongeka, ndipo kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa poizoni yense amene tizilomboto tasiya mumnofu.

Mumathira tsabola wanji?

Kambuzi, kakang'ono kozungulira kachikasu kaja. Amawawa, koma chimene timamukondera ndi fungo lake, limene limamveka ukangolowa pakhomo. Tsabola wofiira wautali uja amangowotcha popanda fungo lotere. Wouma wa chaka chatha musamudalire, paja akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Botolo la Nali limakhala patebulo la amene akufuna kuonjezera. Mukapita ku Mangochi n'kutchula kambuzi, ena adzayesa mukunena nsomba, chifukwa ku nyanja ya Malombe kuli tinsomba tating'ono ta dzina lomweli.

Lamulo lathu n'lakuti mphika umaphikidwa pamlingo wa munthu woopa tsabola kwambiri pagulupo. Olimba m'kamwa amaonjezera pambali pawo. Kuonjezera n'kotheka, kuchotsa n'kosatheka.

Tsabola akandiwotcha m'kamwa ndichite chiyani?

Madzi sathandiza kwenikweni. Chimene chimawawa mu tsabola, chotchedwa capsaicin, chimasungunuka m'mafuta osati m'madzi, ndiye mukamwa madzi mumangochimwaza m'kamwa monse. Zakumwa za gasi nazo sizithandiza. Chothandiza ndi mkaka kapena chambiko, ndipo mbamu ya nsima yopanda msuzi kapena kachewere zimachepetsako. Chachikulu, musagwire m'maso. Mmodzi wa ife anapukuta thukuta ndi dzanja la msuzi, ndipo anakhala panja theka la ola akutsuka kumaso, misozi ili chuchuchu. Mukamaliza sambani ndi sopo, chifukwa madzi okha sachotsa mafuta a tsabola pazala, ndipo amene muli ndi makanda kunyumba samalani musanawanyamule.

Ndili ndi zilonda za m'mimba. Kodi si tsabola amene amayambitsa?

Ayi. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, zina n'kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anatulukira za kachilomboka, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ubwino wake ndi woti kachilomboka kali ndi mankhwala, choncho pitani mukayezetse m'malo mongosala zakudya zaka ndi zaka. Komabe chilonda chikakhalapo kale, tsabola amatha kuchiputa kwa anthu ena. Ngati inu ndi mmodzi wa iwo, uzani wophika akupatulireni nsomba ndi msuzi kambuzi asanalowe.

Nsima imakhalapo?

Imakhalapo. Poyamba tinkati mbatata ndi chimanga zikwanira, koma msuzi wotsala pansi pa beseni unkatiwawa mtima kuusiya. Tsopano timaitanitsa mitanda ingapo kumapeto yosusira msuziwo. A kunyanja pagulu lathu amati kondowole ndiye woyenera, ndipo akapeza ufa wa chinangwa amabwera nawo.

Anthu asanu ndi awiri kupisa manja m'beseni limodzi, kodi si kuitana matenda?

Funso ili n'loona, ndipo sindilipeputsa. Kolera imene inabuka mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chiyambire nthawi imeneyo tinasiya kusamba m'manja m'beseni limodzi la madzi, mmene womaliza ankasambira litsiro la anzake onse. Tsopano wina amathirira mnzake ndi jagi, sopo ali pomwepo, madzi akugwera pansi. Chakudya chimabwera chikufuka nthunzi, ndipo timakana chimene chaphikidwa m'mawa n'kumangotenthetsedwa. M'beseni mumakhala chipande. Aliyense amatunga n'kuika pambale yake, kenaka n'kudya ndi manja. Minga ndi zitsononkho zili ndi mbale yakeyake. Wodwala chimfine kapena m'mimba amatiuza, timamusungira m'kontena.

Mapepala apulasitiki ovala m'manja aja ife sitigwiritsa ntchito. Chala ndicho chimamva munga usanafike kukamwa.

Munga ukandiima pakhosi?

Tonse tinakula tikuuzidwa kuti umeze mbamu yaikulu ya nsima osatafuna. Nthawi zina kamunga kakang'ono kamatsika nayo, koma nthawi zina nsimayo imaukankhira munga m'kati mwa mnofu, zinthu n'kuipiraipira. Yambani mwatsokomola. Ngati ukubayabe pomeza, kapena malovu akukanika kutsika, pitani kuchipatala akauchotse ndi zipangizo. Musapise chala kukhosi. Ana aang'ono asankhireni mnofu wa kampango ndi manja anu, ndipo pamene magetsi athima musadye chambo mumdima.

Mnzathu wina sadya nsomba zopanda mamba. Timusiye?

Musamusiye. Pagulu lathu pali NaBanda, mayi wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo iwo amatsata Levitiko 11, pamene pamati za m'madzi zodyedwa ndi zokhazo zili ndi zipsepse ndi mamba. Ndiye kuti kampango, mlamba, nkhanu ndi ma prawns sadya. Kungochotsa kampango m'mbale mwawo sikukwanira, chifukwa msuzi ndi womwewo. Mayi wophika amawaphikira chambo kapena makumba m'kapoto kapadera, n'kuika pambali pa beseni lathu. Ndi chifukwa cha iwonso kuti timakumana madzulo, dzuwa litalowa Sabata litatha. Amene mukufuna kuthira masoseji ngati a ku Louisiana, yambani mwafunsa ngati pagulu pali Msilamu kapena wina wosadya nkhumba. Mwezi umene NaBanda sabwera, pabenchi pamaoneka kuti pachoka munthu.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kwa ine ndi Marichi ndi Epulo, pamene dowe ali mbwee m'minda ndipo kambuzi ndi wauwisi. Juni ndi Julayi msuzi wa tsabola umakoma ndi kuzizira, koma mphepo ya mwera ikavuta panyanja asodzi salowa, nsomba n'kusowa. Kuyambira pa 1 Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye m'nyengo imeneyo timadya za m'maiwe kapena milamba. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, pa boma pamadzaza anthu a ndalama m'thumba ndipo nsomba yabwino imatha msanga. Uzani wophika wanu kukadali masiku.

Mumalipira bwanji kuti pasakhale kukangana?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mitengo sindilemba pano chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Chimene timachita n'chakuti Lachitatu mmodzi amakafunsa mayi kuti nsomba zili pa bwanji, n'kugawa mtengowo mofanana. Pofika Lachinayi madzulo aliyense amakhala atatumiza gawo lake pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo Lachisanu timapereka ndalama ya nsomba kuti mayi aitanitse. Zakumwa aliyense amalipira zake, chifukwa wa thobwa sangamalipirire wa mowa. Wobwera ndi mlendo amanena kukadali nthawi n'kumulipirira. Amene walonjeza n'kusabwera ndalama yake sibwezedwa, poti nsomba inagulidwa kale.

Mmodzi wa ife ntchito inamuthera chaka chatha, ndipo anayamba kupereka zifukwa zosabwerera, lero mutu, mawa alendo. Tinazindikira. Wosonkhetsa ndalama anangogawa gawo lake kwa ife otsala mwakachetechete, n'kumuimbira kuti, "Aphiri, nsomba yagulidwa kale ya anthu asanu ndi awiri, mukapanda kubwera itayidwa." Anabwera, ndipo nkhaniyo sinatchulidwepo patebulo mpaka lero.

Mayi wophika nayenso musamuiwale. Kuphika mphika wotere kumamutengera masana onse ndi makala ambiri, ndipo ife timakhala pabenchi lake maola atatu pamene akanadyetsapo anthu ena. Timaonjezerapo kangachepe pamwamba pa mtengo, ndipo sitinenerera.

Mutu wa nsomba amadya ndani?

Funso ili limabwera mwanthabwala, koma ndi limene linatsala pang'ono kutigawanitsa. Kumudzi mutu ndi wa bambo wa pakhomo kapena wamkulu pa onse, ndipo miyezi yoyamba tinkausiyira aMwale, amene ndi akulu pagulu lathu. Iwo ndi amene anakana okha. Anati pabenchi la lesitilanti palibe mwini khomo, aliyense wasonkha mofanana. Tsopano mutu wa kampango umazungulira mwezi ndi mwezi motsata mmene timakhalira, kuyambira kukhomo kulowera kuzenera. Mlendo akabwera koyamba, mzere umaima, mutu ndi wake. Timamuonetsa pamene pali mnofu wa m'masaya, timamuuza kuti ayamwe fupa la pamwamba mpaka liyere, ndipo wina amamuikira kapu ya chambiko pafupi. Mwezi wamawa ndi wa NaBanda, amene sadya kampango, ndiye tauza kale mayi kuti atipezere chambo chachikulu kuposa zonse zimene zidzatsike m'bokosi la ayezi Loweruka limenelo.